Synology DS423+: kabokosi koyenera pakhomo, bola musasamuke ndi madisiki akale

Amene ali ndi Synology DS218j, kabokosi koyera kosungira mafayilo pa netiweki (NAS), ka madisiki awiri, komwe kanatuluka mu 2017, akudziwa pomwe mphamvu zake zimathera. Purosesa yake ndi Marvell Armada 385 ya 32-bit, RAM ndi 512 MB yosawonjezeka, ndipo volume imodzi, gawo lomwe mafayilo amakhalamo, singapitirire 16 TB. Kusunga mafayilo n'kumawapereka ku makompyuta a m'nyumba kamakwanitsa bwinobwino. Koma mukangoikamo Synology Photos n'kuthiramo zithunzi za mafoni a banja lonse, kamatha masiku kakupanga tizithunzi toonera, tsamba la DSM, pulogalamu yoyendetsa makinawa, n'kumatseguka mokoka miyendo. DS423+, yomwe inatuluka mu 2023 pa mtengo wa pafupifupi madola 500 a ku America popanda madisiki, ndi yoyenera kusamukirako. Koma phindu lake lalikulu limatayika munthu akasankha njira yachidule yosamutsira mafayilo, ndipo ambiri amasankha yomweyo chifukwa ndi imene imatha msanga.

M'katoni mumapezeka kabokosiko, adaputa ya magetsi ya 90 W, zingwe ziwiri za netiweki, timakiyi totsekera matileyi ndi masikuluwu a madisiki aang'ono a 2.5 inchi. Pa DS218j pamafunika kuzimitsa makina, kutsegula chikuto n'kumanga disiki ndi masikuluwu. Apa disiki ya 3.5 inchi imalowa m'tileyi popanda chida chilichonse: mumachotsa timapulasitiki tiwiri ta m'mbali, kugoneka disiki, n'kubwezera timapulasitikito kuti mano ake alowe m'mabowo. Disiki ikafa mumaisolola makina akuyaka. Malo a madisiki ndi anayi, kunsi kuli malo awiri a ma SSD a M.2 NVMe, USB ilipo imodzi kutsogolo ina kumbuyo. Poti ya eSATA palibe, choncho malo anayiwo akadzadza palibe bokosi lina lolumikizapo. Mafani awiri a 92 mm samveka kwenikweni. Phokoso lomwe mungamve ndi la madisiki, makamaka a 7200 rpm, ndipo ndi lokwanira kusowetsa munthu tulo ngati makina ali kuchipinda chogona.

Purosesa ndi Intel Celeron J4125, ya ma core anayi, 2.0 GHz mpaka 2.7 GHz. Ndi ya mu 2019, inali itakalamba kale pomwe makinawa amatuluka, komabe pa ntchito ya pakhomo ndi yokwanira. Chokhumudwitsa ndi RAM: 2 GB yokha pa makina a mtengo uwu ndi kuumira. Pali malo amodzi a SODIMM owonjezerapo RAM, ndipo Synology imavomereza kuikapo 4 GB ya DDR4-2666 kuti zonse zikhale 6 GB. Gulani 4 GB imeneyo tsiku lomwelo. Photos, Drive ndi makontena awiri kapena atatu zikamayenda pamodzi, 2 GB imatha, makina amayamba kulemba zomwe zinayenera kukhala mu RAM pa madisiki, ndipo chilichonse chimachedwa. Za SSD cache, yomwe imasunga pa SSD zowerengedwa kawirikawiri kuti zizitseguka msanga, musathamangire. Pa mavidiyo ndi mafayilo aakulu sithandiza kanthu, 1 GB iliyonse ya cache imadya pafupifupi 400 KB ya RAM, ndipo cache yolemberapo imaika volume yonse pachiswe ikasokonezeka. Kupanga storage pool (gulu la madisiki ogwira ntchito limodzi) pa M.2 kumaloledwa ndi ma SSD a Synology okha.

Netiweki ndiye mbali yofooka. Mapoti onse awiri ndi a 1 GbE, kutanthauza pafupifupi 110 MB pa sekondi pa kompyuta imodzi, liwiro lomwelo lomwe DS218j imafikako pa fayilo yaikulu. Amene akuyembekeza kuti kukopera vidiyo kufulumira akhumudwa. SMB Multichannel, njira yogwiritsa ntchito mapoti onse awiri pamodzi, imathandiza pokhapokha kompyuta yanunso ili ndi mapoti awiri kapena poti ya 2.5 GbE ndi swichi yoyenera.

Nanga bwanji osatenga DS923+ kapena DS425+? DS923+ ili ndi RAM ya ECC yofika 32 GB komanso malo a kadi ya 10 GbE, koma purosesa yake, AMD Ryzen R1600, ilibe gawo la zithunzi, kotero pulogalamu yoonetsera mafilimu monga Plex kapena Jellyfin ikafuna kuchepetsa vidiyo ya 4K kuti ionetseke pa foni imatuluka thukuta. J4125 ili ndi Intel UHD 600 yomwe imagwira ntchitoyi mosavuta, ngakhale pa Plex pamafunika Plex Pass. DS425+ ya mu 2025 ili ndi J4125 yomweyo ndi poti imodzi ya 2.5 GbE, koma Synology inachotsamo madalaivala a ntchito yochepetsa vidiyoyo, ndipo makina a 2025 anatuluka akukana madisiki omwe sali pa mndandanda wa kampaniyo mpaka DSM 7.3 itafewetsa lamuloli mu October 2025. DS423+ imalandira madisiki a IronWolf, Red Plus kapena N300 popanda vuto. Dziwaninso kuti kuyambira DSM 7.2.2 ya mu 2024 Video Station kulibe, ndipo makina sapanganso okha tizithunzi toonera ta mafayilo a HEIC ndi HEVC a ma iPhone. Ntchitoyo inakankhiridwa ku pulogalamu ya pa foni ndi Synology Image Assistant ya pa kompyuta. Kumeneku kunali kulanda ogula chinthu chomwe anali nacho kale, ndipo palibe chifukwa chokubisira.

Pa madisiki, tengani a CMR, osati a SMR. Pa disiki ya SMR mizere imalembedwa mosanjikizana, moti kulemba pa mzere umodzi kumakakamiza disiki kulembanso yoyandikana nayo. Pa ntchito wamba simuona kusiyana, koma pomanganso RAID (kalembedwe ka pa madisiki angapo koti imodzi ikafa mafayilo asatayike), pomwe disiki imalembedwa maola ambiri osapuma, imafooka mpaka makina angathe kuitaya ngati yakufa. Mu 2020 zinadziwika kuti WD Red za 2 TB mpaka 6 TB zothera ndi EFAX, monga WD40EFAX, ndi za SMR. WD Red Plus, Seagate IronWolf ndi Toshiba N300 ndi za CMR. Chenjeraninso ndi madisiki otchipa modabwitsa. Kumayambiriro kwa 2025 nyumba yofalitsa nkhani ya Heise ku Germany inaulula kuti madisiki a Seagate Exos ogwiritsidwa kale ntchito amagulitsidwa ngati atsopano, maola a mu SMART, kaundula wa thanzi la disiki, atafufutidwa. Maola enieni amatsala mu FARM log, yomwe smartmontools 7.4 imawerenga ndi lamulo la smartctl -l farm. Ndipo ngati madisiki abwera pa basi kuchokera ku Johannesburg kapena m'sutikesi ya m'bale wochokera ku UK, agwedezeka mokwanira. Aliyense apimidwe ndi Extended Test ya SMART musanamukhulupirire. Pa 8 TB kupimaku kumadya maola opitirira 10.

Pali msampha pa kukula kwa madisiki womwe umagwira anthu ambiri. Tinene kuti mu DS218j muli awiri a 4 TB, ndipo mwagula awiri a 8 TB poganiza kuti mukamaliza kukopera mudzawonjezera akalewo m'malo awiri otsalawo. Sizitheka. SHR, mtundu wa RAID wa Synology, imalandira disiki yowonjezera ngati ndi yofanana ndi ina yomwe ili kale mu pool, kapena ngati ndi yaikulu kuposa yaikulu ya m'menemo. Ya 4 TB singalowe mu pool yomwe inayamba ndi 8 TB zokhazokha. Akalewo angakhale pool yachiwiri payokha, kapena atsale m'makina akale, komwe ali ndi ntchito yabwino kuposa. Awiri a 8 TB pa SHR amapereka 8 TB, yomwe DSM imaonetsa ngati pafupifupi 7.3 chifukwa cha kawerengedwe kake. Atatu amapereka 16 TB, yooneka ngati 14.5. Ngati thumba likulola, yambani ndi atatu, chifukwa kuwonjezera wachitatu pambuyo pake kumasintha pool yonse kuchoka pa kalembedwe ka RAID 1 kupita ku ka RAID 5, ntchito yomwe ingadye masiku makina akulemba osaima.

Synology ili ndi njira zitatu zosamukira. Yoyamba ndi kuzula madisiki m'makina akale n'kuwalowetsa m'atsopano motsatira ndondomeko yomwe analili. Makina amawazindikira, amakupatsani batani la Migrate, ndipo pasanathe ola mafayilo onse alipo. Yachiwiri ndi Migration Assistant, yomwe imakopera volume yonse kudzera pa netiweki monga ilili, pa makina omwe ali pa mndandanda wa Synology wa njirayi. Yachitatu ndi Hyper Backup: kupanga backup kenako kuibwezeretsa pa makina atsopano.

Ziwiri zoyambazo zili ndi vuto limodzi. DS218j imadziwa file system (kasanjidwe ka mafayilo pa disiki) ya ext4 yokha, ndipo ext4 siisandulika Btrfs, yomwe DS423+ imaidziwa, popanda kufufuta volume. Mukasamutsa madisiki, kapena kukopera volume monga ilili, mumafika pa DS423+ muli ndi ext4 yomweyo, malire a 16 TB omwewo, ndipo ngati mwasamutsa madisiki omwe anakonzedwa pa DSM 6, kagawo ka DSM kamakhalabe ka 2.4 GB m'malo mwa 8 GB yomwe madisiki atsopano amapatsidwa. Mwalipira makina atsopano, koma chomwe chimawasiyanitsa ndi akale mwachisiya.

Btrfs imalemba checksum ya kachidutswa kalikonse ka fayilo, nambala yotsimikizira kuti kachidutswako sikanasinthe. Disiki ikakalamba, kachidutswa kangathe kuwonongeka mwakachetechete, popanda chenjezo lililonse. Zili ngati anankafumbwe m'nkhokwe: kunja chimanga chikuoneka chabwino, mumadzazindikira tsiku lokatapa. Pa ext4 ndi RAID 1, makina angathe kuona kuti madisiki awiri akusiyana pamalo ena, koma sadziwa kuti wolondola ndi uti. Pa Btrfs checksum imanena kope lowonongeka, DSM imatenga labwino pa disiki inayo n'kukonza. Chithunzi cha ukwati cha zaka 15 zapitazo, chomwe palibe amachitsegula kawirikawiri, ndi chomwe chimapulumuka mwanjira imeneyi. Btrfs imabweretsanso ma snapshot, omwe amakulolani kubweza foda yonse mmene inalili dzulo ngati mwana wafufuta zinthu kapena kompyuta ina yagwidwa ndi ransomware n'kutseka mafayilo.

Musanayambe chilichonse, UPS, batire yogwirizira makina magetsi akathima, ikhale italumikizidwa. Kwathu kuno magetsi amathima osatsanzika, ndipo kuthima pakati pa kumanga pool kapena kukopera ndi komwe kumawononga. Synology imati DS423+ imadya pafupifupi 28 W ikamagwira ntchito ndi 8 W madisiki akagona, choncho UPS ya 650 VA ndi yokwanira. Chofunika ndi chakuti ikhale ndi poti ya USB yolankhulirana ndi makina, monga ma APC Back-UPS ena, CyberPower kapena Eaton. Ma UPS ambiri otchipa alibe potiyi, amangopereka magetsi mpaka batire itatha, makina n'kuzima mwadzidzidzi chimodzimodzi. Inivata ya sola nayonso siuza makina kuti batire yatsala pang'ono, choncho UPS ikhale pakati pa inivata ndi NAS. Mu Control Panel, pa Hardware & Power, yatsani UPS, muike kuti makina alowe Standby Mode pakatha mphindi 5, muyatsenso Restart automatically kuti magetsi akabwera adzuke okha. Pomwepo pali network UPS server: mukaiyatsa n'kulemba IP ya DS218j, kenako pa DS218j n'kusankha Synology UPS server ndi IP ya DS423+, makina akalewo nawonso amamva uthenga wa UPS kudzera pa netiweki, bola swichi nayo ikhale pa UPS yomweyo.

Pa makina akale chitani izi. Kwezani DSM ndi mapulogalamu ake afike pa mtundu womaliza womwe akulola. Pa Update & Restore, gawo la Configuration Backup, dinani Export musunge fayilo ya .dss pa kompyuta. Ngati muli ndi mafoda otsekedwa ndi encryption, tulutsani makiyi ake muwasunge kwina, osati pa NAS yomweyo. Khuthulani ma Recycle Bin. Onaninso thanzi la madisiki akalewo, chifukwa kukopera kudzawawerenga kuchokera koyamba mpaka kumapeto, mwina koyamba m'zaka zambiri. Manambala ofunika mu SMART ndi 5, 197 ndi 198. Ngati 197 si ziro, pali malo omwe disiki ikulephera kuwerenga, ndiye yambani kukopera zofunika kwambiri ku disiki ya USB musanachite china. Kuyambira DSM 7.2.1 manambalawa saonekanso mu Storage Manager, mumawaona ndi smartctl kudzera pa SSH, njira yolembera makina malamulo muli pa kompyuta ina. Ena amalangiza kuzula disiki imodzi ya RAID 1 kuti ikayambire pool ya makina atsopano. Musatero. Kwa masiku angapo mafayilo anu onse amakhala pa disiki imodzi yokalamba yomwe ikugwira ntchito yolemetsa kuposa kale lonse.

Makina atsopano mumawapeza polemba find.synology.com pa kompyuta ya pa netiweki yomweyo, kapena ndi pulogalamu ya Synology Assistant. Ngati intaneti ndi ya bandulo yowerengera, tsitsani fayilo ya .pat ya DS423+ pa Download Center muli pamalo a Wi-Fi yabwino, mudzaiike pamanja. Pangani akaunti ya dzina lanulanu, ya admin ikhale yozimitsa, yatsani 2FA (kodi yachiwiri yolowera) ndi Auto Block. Mu Storage Manager sankhani SHR, lolani drive check, ndipo pa file system sankhani Btrfs. Pool imayamba kudzikonza chamumtima. Mungathe kuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo, koma ndi bwino kuidikira ithe, kukopera kusamalimbirane madisiki ndi ntchitoyo.

Kenako pakubwera kabokosi kakang'ono komwe kamasankha ngati khama lonseli lili ndi phindu. Popanga shared folder iliyonse pali malo olembedwa Enable data checksum for advanced data integrity. Sikakhala kochongedwa kale, ndipo foda ikapangidwa simungakachongenso. Mukaiwala, muli ndi Btrfs yosatha kukonza mafayilo anu, ndipo mankhwala ake ndi kupanga foda ina n'kukoperanso. Choncho pangani mafoda onse ndi manja, ndi mayina omwewo a pa makina akale, mukuchonga kabokosika. Ya photo muipange nokha chimodzimodzi musanayatse Synology Photos, kuti DSM isaipange yokha popanda checksum. Foda ya makamera a CCTV kapena ya makina a virtual ndi yomwe mungaisiye yosachonga, chifukwa imalembedwa kosalekeza ndipo checksum imaichedwetsa. Mukatero bwezeretsani fayilo ya .dss, koma musankhe ogwiritsa ntchito ndi magulu okha. Za netiweki zisiyeni, apo ayi makina awiri adzalimbirana IP imodzi.

Onani liwiro la chingwe musanakopere. Pa Network Interface payenera kulembedwa 1000 Mbps pa makina onse awiri. Marauta ambiri omwe makampani a intaneti amapereka ali ndi mapoti a 100 Mbps, ndipo chingwe chothyoka waya umodzi chimagwetsanso liwiro kufika pomwepo. Masamu ake ndi awa: 4 TB pa 110 MB pa sekondi ndi maola pafupifupi 10, pa 40 MB ndi maola 28, pa 11 MB ya poti ya 100 Mbps ndi maola opitirira 100. Swichi ya gigabit ya mapoti asanu ndi zingwe za Cat5e zimathetsa nkhaniyi pa mtengo wochepa. Mavidiyo amayenda pafupi ndi liwiro lapamwambalo, koma zithunzi ndi timafayilo tating'ono masauzande ambiri timatsitsa DS218j pansi kwambiri, popeza fayilo iliyonse imafuna kutsegulidwa ndi kutsekedwa payokha.

Mafoda a homes ndi photo asamutseni ndi Hyper Backup. Ma album a Synology Photos ndi maulalo omwe munagawira abale sizikhala m'mafayilo, zimakhala mu database ya pulogalamuyo, moti mukangokopera zithunzi ma album onse amasowa. Mu Hyper Backup ya makina akale sankhani mafodawo pamodzi ndi pulogalamu ya Synology Photos, mutumize ku disiki ya USB kapena ku Hyper Backup Vault ya pa DS423+, kenako mubwezeretse. Pulogalamu ya pa makina atsopano ikhale ya mtundu womwewo kapena watsopano. Mukatumiza ku Vault, kumbukirani kuti malo amafunika kawiri: backup ya .hbk imakhala pomwepo pamene mafayilo ake akutulutsidwa. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti mwini fayilo iliyonse ndi zilolezo zake zimasungika.

Mafoda aakulu a mavidiyo, nyimbo ndi zikalata safuna zonsezo. Pa DS423+ pangani foda yongoyembekezera, tinene kusamuka, m'kati mwake foda yopanda kanthu, zakale. Mu File Station, pa Tools, sankhani Mount Remote Folder, CIFS Shared Folder, mulembe IP ya DS218j ndi dzina la foda. Mafayilo akale amaoneka ngati ali pa makina atsopano. Amene safuna malamulo olemba angathe kukopera pomwepo ndi File Station, ndipo ikaduka asankhe Skip poyambiranso. Koma rsync, pulogalamu yokopera ndi lamulo lolemba, ndi yodalirika kuposa, chifukwa mungaibwereze kangapo n'kumangotenga zomwe zasintha:

rsync -rtvh --exclude='@eaDir' --exclude='#recycle' /volume1/kusamuka/zakale/ /volume1/mavidiyo/ > /volume1/kusamuka/lipoti.txt 2>&1

Lamuloli liikeni mu Task Scheduler ngati User-defined script ya root, osati pa SSH, chifukwa laputopu ikagona kulumikizana kumaduka ndipo rsync imafera pomwepo. Kamzere kopendekera ka kumapeto kwa zakale/ n'kofunika: mukakasiya, rsync imapanga foda ya zakale m'kati mwa mavidiyo m'malo mothira zam'katimo. Tasankha -rt m'malo mwa -a mwadala, kuti madeti a mafayilo asungike koma zilolezo zitengere za foda yatsopano. Mafoda a @eaDir ndi tizithunzi toonera takale, DSM ipanga ena. Musawonjezere --delete. Mukasinthanitsa molakwika kochokera ndi kopita, imafufuta zomwe mumafuna kupulumutsa. Kudutsira pa CIFS kumapeputsa purosesa ya DS218j, yomwe imalemedwa ndi encryption ya SSH, koma kuli ndi chilema chimodzi: mayina a mafayilo okhala ndi zizindikiro zomwe Windows imakana, monga : kapena ?, amaoneka osokonekera, ngati zilembo zisanu ndi zitatu zopanda tanthauzo. Mafayilo ochokera pa Mac kapena Linux ndi omwe amakhala otere. Akonzeni mayina pa makina akale, kapena lumikizani ndi NFS.

Shared Folder Sync imaoneka yosavuta kuposa zonsezi, koma ikapeza foda ya dzina lomwelo kopitako imaisintha dzina powonjezera _1 n'kupanga yakeyake. Foda yanu ya checksum imatsala yopanda kanthu.

Kukopera kukatha, uzani a m'nyumba asiye kulemba pa makina akale, mubwereze rsync kuti itenge zomwe zasintha. Kenako tsimikizani. Lamulo lomwelo mukaliwonjezera -c ndi -n limawerenga mafayilo onse mbali ziwiri, kuyerekeza zam'kati mwake, osalemba kalikonse. Lidzadya nthawi yofanana ndi kukopera komwe, koma musalidumphe: checksum ya Btrfs imateteza fayilo mmene inafikira, ndipo ngati inafika yowonongeka idzaisunga yowonongekayo mokhulupirika. Fayilo iliyonse yotuluka mu lipoti ndi yosiyana, ikopereninso. Tsegulaninso ndi maso zithunzi zingapo zakale, vidiyo yaikulu muidumphitse mpaka kumapeto, ndi zikalata za PDF zochepa.

Mukakhutira, zimitsani DS218j, mupatse DS423+ dzina ndi IP ya makina akale kuti ma drive olumikizidwa pa Windows, TV ndi Time Machine apeze njira yomwe anazolowera. Ngati IP inasungidwa pa rauta, inamangidwa ku MAC address ya makina akale, ndiye sinthani pamenepo. QuickConnect ID ndi dzina la DDNS, zomwe mumafikira nazo makina muli kutali ndi nyumba, zimamatirira ku makina akale mpaka mutazimasula, pa makinawo kapena mu Synology Account. Synology Drive Client ya pa makompyuta imafuna kulumikizidwanso. Pa mafoni, polowanso mu Synology Photos, onani lamulo la backup: mukasankha kuti ione zithunzi zonse imayamba kufufuza foni yonse, choncho siyani Wi-Fi Only yoyatsa kuti bandulo isathe usiku umodzi. Malayisensi ogula a Surveillance Station amachotsedwa pa makina akale ali pa intaneti asanalowetsedwe kwatsopano. Masiku oyamba makina adzakhala akulira usana ndi usiku, akupanga index ya zithunzi. Si vuto, asiyeni amalize.

Pa DS423+ ikani Snapshot Replication, snapshot imodzi pa tsiku, kusunga za masiku 30 pa mafoda a zikalata ndi zithunzi. Sizidya malo pokhapokha mafayilo akamasintha kapena kufufutidwa. Data Scrubbing muiike miyezi itatu iliyonse, chifukwa ndi imene imawerenga ngakhale mafayilo omwe palibe amawatsegula n'kukonza owonongeka. Yatsani uthenga wa imelo kapena wa pa foni, disiki ikadwala mumve tsiku lomwelo. Makinawa anapangidwira kutentha kosapitirira 40°C. M'nyumba ya malata mu October, makamaka ku Chikwawa, Nsanje kapena m'mbali mwa nyanja, asakhale m'kabati yotseka, fani ikhale pa Cool mode, ndipo fumbi la pa mafani lizipukutidwa.

Madisiki a DS218j musawafufute kwa mwezi wathunthu. Foda yoiwalika imadziwika pamene wina waifuna. Mwezi ukatha, makina akalewo asanduke malo a backup, popeza SHR ndi ma snapshot onse ali m'bokosi limodzi, ndipo mphenzi, wakuba kapena moto zimatenga bokosi lonse. Afufuteni, muikemo Hyper Backup Vault, ndipo backup yoyamba ichitike makina onse ali pa swichi imodzi, kuti ma terabyte asadutse pa intaneti. Malo ndi 4 TB okha, ndiye sankhani zosagulika: zithunzi, zikalata za malo ndi za sukulu, mafayilo a bizinesi. Mafilimu atsale. Yatsani client-side encryption, kiyi yake muisunge pa flash ndi pa pepala. Kenako DS218j ipite kwa m'bale wodalirika wokhala ndi intaneti, komwe izingolandira zosintha za tsiku ndi tsiku. Hyper Backup siyenda pa QuickConnect. Tailscale, yomwe ili mu Package Center, imalumikiza makina awiriwa popanda kutsegula mapoti pa rauta, ngakhale pa intaneti ya SIM kadi, koma pa DSM 7 makina otumiza amafuna ntchito ya mu Task Scheduler yoyenda poyatsa, ya lamulo la tailscale configure-host, apo ayi sangathe kuyambitsa kulumikizana ndipo backup imalephera ndi uthenga wakuti kopitako sikukupezeka. Zikayenda, yatsani integrity check ya sabata iliyonse mu Hyper Backup, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo bwezeretsani foda imodzi ku malo ena muitsegule.